Silinda Yaitali ya Namfedwa

Khoma la kuchipinda linayamba kununkha nkhungu mvula yoyamba itangogwa. Namfedwa anakankha bedi n'kugwira pansi pa zenera, pulasitala n'kutsalira m'manja mwake ngati buledi wonyowa. Njerwa zinali zakuda bii. Khoma limenelo anamanga ndi amuna ake, iye akuponda matope, iwo akuyala njerwa, ndipo zaka zonsezo silinamwepo madzi ngakhale dontho.

Dzina lake lenileni anthu analiika m'manda pamodzi ndi amuna akewo. Chichokereni kumaliro, aliyense ankangoti Namfedwa, Namfedwa, ngati kuferedwa ndi ntchito imene analembedwa. Iye anasiya kuwakonza.

Nyumba zinali ziwiri paphiripo, pakati pake msewu wadothi wotsetsereka mpaka kumsewu waukulu. Ukamatsika, kumanzere kunali kwa Namfedwa, kumanja kwa alamu ake, mng'ono wawo wa malemu. Chaka chilichonse mvula isanabwere, malemu ankakoleka chikhasu chosalazira kumbuyo kwa thalakitala yawo yakale n'kukonza msewuwo. Ankasiya msana pakati, kuti madzi ena apite uku, ena uko. "Mvula ndi yathu tonse, tizigawana," ankatero. Anali munthu wotero. Ngakhale lalanje ankawerenga zigawo zake asanapatse ana.

Alamuwo anthu ankawatcha a Ndikuthandizeni, chifukwa mawu amenewo sankachoka pakamwa pawo. Pamaliro anathandiza kwambiri. Anathandiza kusunga masipanala a malemu, kwawo. Anathandiza kusunga wilibala, kwawo. Ndiye tsiku lina Namfedwa ali kuchipatala ndi miyendo yake yotupa, anathandiza kukonza msewu.

Msana uja anaumeta wonse. Msewu unapendekera kumanzere kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo madzi a phiri lonse ankathera pakhoma la Namfedwa. Chifukwa chake sichinali chobisika. Kumunsi, mbali yawo, alamuwo anali atangomanga sitolo yogulitsa simenti, chitseko chake choyang'ana msewu, pansi pake potsika ngati mbale.

Namfedwa anawapeza atakhala pakhonde la sitoloyo, akutokosa m'mano ndi kamtengo ka machesi.

"Alamu, madzi anu ali kuchipinda kwanga."

"Madzi anga? Aa, alamu, madzi alibe mwiniwake."

"Amuna anga ali moyo anali ndi eni ake awiri."

"Nyumbayo yakalamba, musanamizire mvula. Ikugwerani muli m'tulo. Bwanji osangopita kwa ana anu kutauni? Malowa ine ndikuthandizani kuyang'anira."

Anayankhula akumwetulira, kamtengo kali pakona ya mlomo. Namfedwa anamvetsa tsopano. Ndiye nkhani yake inali imeneyo. Khoma ligwe, iye anyamule kachikwama, iwo atambasule miyendo mbali zonse ziwiri za msewu. Akanatsegula pakamwa pakanatuluka zinthu zoti anthu akanamumanga nazo.

Anapita m'shedi momwe munkagona thalakitala. Kuyendetsa ankadziwa, ndi iye ankakoka ngolo malemu akamadwala. Zakumbuyozo ndi zimene sankazigwira. Anaima n'kuziyang'ana bwinobwino koyamba. Chikhasu chimagwidwa malo atatu: mikono iwiri yapansi ndi umodzi wapamwamba. Mikono yapansiyo imapachikidwa pa zitsulo ziwiri. Chakumanzere n'chosasuntha. Chakumanja chili ndi chopukusira: ukachitalikitsa, chikhasu chimaluma kumanja, ukachifupikitsa, chimaluma kumanzere. Malemu ankatsika pathalakitala n'kupukusa ndi dzanja limodzi akuimba mluzu.

Tsopano chitsulocho chinali chofupikitsidwa mpaka kumapeto, chopukusira chopindika. Pambali panali paipi yamadzi yokhala ndi zipsera kukamwa. Mlamu wake uja anaikoleka pachopukusira n'kukankha ndi chimimba chake mpaka mazinga a chitsulocho anadyana. Namfedwa anathira oyilo, anamenya ndi hamala, anatukwana. Chitsulo chinangoti zii.

Anatsitsa chikhasu pasimenti ya m'shedimo pomwe panali posalala, anachotsa mapini, chitsulo chakufacho n'kugwa. Kenako anatenga chingwe choyanikira zovala, anayeza kuchokera bowo lapamwamba kufika lapansi, n'kumanga mfundo. Pamfundopo ndi pomwe chikhasu chimakhala chowongoka. Chitsulo ndi chingwe anaziika m'thumba la feteleza, m'mawa mwake n'kukwera basi.

Sitolo ya zipangizo za mathalakitala inkanunkha girizi ndi mphira. Malamba a injini ankalendewera padenga. Kuseri kwa kauntala kunali bambo wachikulire wa magalasi omangidwa ndi waya, amene makanika onse ankamutcha a Magalasi. Namfedwa anaponya chitsulo pakauntala, mabawuti a m'chitini n'kudumpha.

"Pepani mayi, kauntalayo sinakulakwireni," anatero a Magalasi. Anatembenuza chitsulocho. "Ii! Amene anachita izi ndi munthu kapena ng'ombe?"

"Ng'ombe imapereka mkaka."

"Chabwino. Chatsopano chonga ichi ndili nacho."

"Sindichifuna. Chinthu choti chitsiru chilichonse chokhala ndi paipi chingathe kupha, ine ayi. Komanso mapewa angawa atha. Palibe china?"

A Magalasi anakankha magalasi awo ndi chala. "Kumbuyo kwa thalakitala yanu kuli timabowo tolumikizapo mapaipi a mafuta?"

"Tilipo tiwiri. Ngolo yathu imadzikhuthula yokha."

"Ndiye mwalemera. Pamalo pa chitsulochi muikepo silinda ya haidiroliki. Mukhala pampando, mukankha kandodo, mafuta atalikitsa silinda. Mukakoka, ifupika. Osatsika, osapukusa."

Analowa kumbuyo n'kubwera atakumbatira masilinda atatu, anawayala pakauntala ngati ana ogona. Ina inali yonenepa, ina yapakatikati, ina yaitali yopyapyala. Anayesa pini ya Namfedwa m'mabowo a iliyonse. Yonenepayo anaichotsa okha.

"Iyi pini yanu ikusambira m'bowo, komanso izikhula tayala. Munayeza kutalika kwa chitsulo chija chikhasu chili chowongoka?"

Namfedwa anatulutsa chingwe.

"Ehe, tepi ya akatswiri," anaseka a Magalasi. Anakoka ndodo yonyezimira ya silinda yapakatikati mpaka theka, n'kuyala chingwe pambali pake. Mfundo inagwera ndendende pabowo. "Mwaona? Lamulo lake ndi limeneli. Silinda ikhale pakati chikhasu chikawongoka. Mukatero muli ndi mpata wopendekera kumanja, mpata womwewo kumanzere. Iyi ndi yachilungamo, mayi. Sikondera mbali."

Namfedwa anaiyang'ana silindayo nthawi yaitali. Akanakhala malemu akanatenga yomweyo, n'kuthokoza kawiri. Akanabwezeretsa msana pakati pa msewu, madzi n'kugawana ndi munthu amene akudikira kuti khoma ligwe. Ndipo tsiku lina iye akadzapitanso kuchipatala, a Ndikuthandizeni akanadzakwera pampando, n'kukoka kandodo ndi chala chimodzi, osatuluka ngakhale thukuta. Ndiye awagulire yekha chowaphweketsera ntchito?

"Amuna anga anali ngati imeneyo," anatero. "Ali m'manda. Yesani yaitaliyo."

"Imeneyo si ya thalakitala yanu."

"Ndati yesani."

A Magalasi anaikankha mpaka inatsekeka yonse, n'kuyala chingwe. Bowo linapitirira mfundo ndi zala ziwiri.

"Onani nokha. Yatsekeka yonse koma ikadali yaitali. Mukaika iyi, chikhasu chanu sichidzawongokanso. Chizingoluma kumanja basi. Pang'ono kapena kwambiri, koma kumanja."

"Kumanzere?"

"Ngakhale mutaipempherera."

"Ngakhale munthu atabwera ndi paipi?"

"Ngakhale abwere ndi paipi ndi abale ake onse. Chitsulo sichifupika."

Namfedwa anamwetulira, koyamba chichokereni kumaliro. "Ndikutenga imeneyo."

A Magalasi anavula magalasi. "Mayi, ndimvereni. Ndi chikhasu chopendekera simungasalaze bwalo la munthu, simungasalaze pomanga nyumba. Amene ankaitana amuna anu sadzakuitanani. Thalakitalayo mukuilemaza mwendo umodzi."

Zimenezo zinali zoona, ndipo zinamuwawa. A kusukulu anali atafunsa kale za bwalo lawo la mpira. Koma bwalo la mpira sagonamo munthu.

"Mabwalo ali ndi eni ake. Ine ndili ndi khoma."

"Kodi mukufuna kukonza msewu kapena kukumba manda?"

"Manda ndinakumba kale, bambo. Kulungani."

A Magalasi anapukusa mutu, koma m'maso munali kuseka. "Ndiye tamverani zina. Ilipo ya valavu ndi yopanda valavu. Yopanda valavu, mafuta amabwerera pang'onopang'ono. Mumaipendeketsa bwinobwino pamwamba pa phiri, pofika pansi yafewa yokha, ngati munthu amene mkwiyo ukumuthera. Ya valavu, pomwe mwaisiya ndi pomwepo."

"Ya valavu."

"Ndinadziwa. Mapaipi awiri awa, musawapinde, ndipo muwamange kutali ndi tayala. Mukadzabwera nayo kuti yakukanikani, ine sindidzakudziwani."

"Simudzandiona."

Kunyumba anavala ovolosi ya malemu, n'kupinda miyendo yake katatu. Silinda inali yolemera, inamutswa chala pokoleka, iye n'kuyamwa magaziwo osasiya ntchito. Atalumikiza mapaipi anakankha kandodo, silinda n'kufupika m'malo motalika. Anawasinthanitsa, mafuta n'kumuthira kumaso. Ulendo wachiwiri ndodo yonyezimira ija inatuluka mwakachetechete, mbali yakumanja ya chikhasu n'kugwada pansi ngati ikupepesa.

Panatsala chinthu chimodzi. Munthu wochenjera akanatha kuchotsa mapini n'kusamutsira silindayo kumanzere. Namfedwa anakoka makina owotcherera a malemu, omwe alamu anawasiya chifukwa cholemera. Kuwotcherera sankadziwa kwenikweni, ankangogwirira zitsulo amuna ake akamawotcha. Anawotcha mapini onse, a kumanja ndi a kumanzere omwe, mabala ake oipa ngati zitosi za nkhuku, koma ogwira. Chitsulo chakale chija anakachiponya m'chimbudzi chokumba, n'kuima kumvetsera mpaka chinati phwa.

M'mawa kunacha kotentha, mitambo itaunjikana kuseri kwa phiri. A Ndikuthandizeni anali atapita ndi lole kukatenga simenti ina. Namfedwa anakwera pamwamba pa msewu chikhasu chili m'mwamba, anatembenuka, n'kuchitsitsa. Thalakitala yakaleyo inkasalaza potsika pokha. Pokwera ndi dothi matayala ankangozungulira pamiyala. Ndipo potsika, kumanja kunali kwa alamu.

Anakankha kandodo. Chikhasu chinaluma. Dothi lofiira linapindika n'kukhuthukira kumanzere, kukwirira ngalande yomwe inkapita pakhoma lake. Anatsika, anakwera, anatsikanso. Mkazi wa alamu anatuluka ndi beseni la zovala.

"Kodi akulu, mukutani?"

"Ndikuthandiza!" anakuwa Namfedwa osacheuka.

Dzuwa lisanafike pamutu, msewu wonse unali utagona chammbali, ngalande yatsopano ikutsika mowongoka mpaka pakhonde la sitolo ya simenti. Anabweza thalakitala m'shedi, anasamba m'manja, n'kukhala pakhomo ndi kapu ya tiyi.

Lole inabwera masana. Anyamata a lole anatsitsa matumba n'kuwasanja m'sitolo mpaka kudenga, lole n'kupita. Apo m'pamene a Ndikuthandizeni anayang'ana pansi. Anatsatira ngalandeyo ndi maso, kukwera nayo phiri, mpaka maso awo anakumana ndi a Namfedwa. Anabwera akupuma ngati mvukuto.

"Alamu! Mwachita chiyani pamsewu?"

"Ndakonza. Wakalamba msewuwo."

"Ntchito ya amuna imeneyi. Taonani mwaukhotetsa wonse! Bweretsani kiyi ndikuthandizeni."

Kuseri kwa phiri kunagunda. Akanakhala munthu wanzeru akanaitana anthu n'kuyamba kusamutsa simenti, kapena kutenga khasu n'kutseka pakhomo pa sitolo. Koma iwo ankadziwa kuti msewuwo anaupendeketsa kale kamodzi, ndiye kuupendeketsanso kukanavuta chiyani? Namfedwa analowa m'nyumba, anatenga kiyi pamsomali, n'kuwapatsa ndi manja awiri, mwaulemu wonse.

M'shedi anamva akuseka. "Aa, mwagula zamakono! Mwachita bwino alamu, chopukusira chija chinkavuta." Injini inalira. Anakwera phiri, anatembenuka, anakoka kandodo mpaka kumapeto, n'kutsitsa chikhasu osayang'ana n'kumbuyo komwe.

Anafika pansi, anacheuka. Ngalande yawo inali yakuya kuposa poyamba, yosalala bwino.

Anakweranso. Ulendo uno anakoka kandodo ndi manja awiri mpaka injini inabuula. Anatsika atapotoza khosi, akuyang'ana chikhasu chikudya mbali yawo. Pakati panjira anaima, anadumpha pansi, anamenya silinda ndi chidendene.

"Chinthuchi n'chakufa! Akuberani kusitoloko!"

"Chikugwira bwino, alamu," anatero Namfedwa akupemerera tiyi. "Tayesani kukankha."

Anakankha. Chikhasu chinamira m'dothi mpaka thalakitala inatsamwa.

Madontho oyamba anagwa, akuluakulu, otalikirana. A Ndikuthandizeni anatembenuza thalakitala kumunsi kuti asalaze chokwera, kumanja kukhale kwa Namfedwa. Anayenda pang'ono, dothi linadzaza chikhasu, matayala n'kuyamba kupala miyala pamalo amodzi, utsi wakuda tolotolo. Injini inazima. Anathamangira kwawo, anabwera ndi hamala ndi sipanala, za malemu zomwe zija. Anagwada kumbuyo kwa thalakitala kuti achotse mapini. Namfedwa anaona msana wawo ukuuma. Chala chawo chinayenda pa mabala a moto aja, pini iyi, pini iyo.

"Chitsulo chakale chili kuti?"

"M'chimbudzi. Chitseko n'chosakhoma."

Mvula inatsika ngati yathyola chinachake kumwamba. Namfedwa analowa kuchipinda, anaima pazenera, dzanja limodzi lili pakhoma lodwalalo. Anaona madzi akusonkhana pamwamba pa phiri, ofiira, onyamula zinyalala ndi timiyala. Anafika pomwe ankakhotera kwa iye, anachita ngati akuganiza, kenako onse n'kutsetserekera kumanja. Anadutsa pansi pa thalakitala, anatsika ngalande yatsopano akuthamanga, anakwera khonde la sitolo, n'kulowa pansi pa chitseko ngati kwawo.

Mkazi wa alamu ankakuwa. A Ndikuthandizeni anatsegula chitseko kuti atulutse matumba, ndipo madzi amene ankalowa mobisa analowa tsopano mwaufulu. Ananyamula thumba limodzi, anaterereka, anakhala pansi m'matope thumba lili pamimba. Mzere wapansi utanyowa, mulu wonse unapendekeka n'kugwera m'madzimo.

Posakhalitsa chitseko cha Namfedwa chinagogodwa ndi chibakera. Anatsegula pang'ono. Munthuyo anali wotuwa ndi simenti kuyambira kutsitsi mpaka kumapazi, mvula ikujambula mizere kumaso.

"Alamu, chonde! Khasu, ndowa, chilichonse! Madzi anu andithera katundu!"

"Anga?" anatero Namfedwa. "Paja munati alibe mwiniwake."

"Ndine m'bale wa amuna anu!"

"Wilibala ya amuna anga ili kwanu. Tungirani imeneyo."

Anatseka chitseko, n'kukhoma. Anabwerera kuchipinda, anagwada, anapapasa pansi pa khoma. Panali ponyowa ndi madzi akale okha. Atsopano sanabwere. Misozi inatuluka, yotentha, ndipo sanadziwe ngati akulirira malemu kapena msana wa msewu wawo uja umene tsopano unachoka ndi dzanja lake lomwe. Anaipukuta ndi mkono wa ovolosi. Malemu akanakhumudwa, inde. Akanakhumudwa ali m'nyumba youma.

Dzuwa litabwerera, matumba aja anauma n'kusanduka miyala yooneka ngati mapilo. A Ndikuthandizeni anawagubuduzira kunja limodzilimodzi n'kuwasiya m'mbali mwa msewu. A kusukulu anabwera kudzafunsa za bwalo lawo, anaona chikhasu chopendekeracho, n'kubwerera. Namfedwa sanawaitane.

M'malo mwake anakoleka ngolo, anatsika nayo mpaka pasitolo. Alamu ake anali pakhonde, opanda kamtengo pakamwa.

"Alamu," anatero Namfedwa, "miyalayi ikutsekerani malo. Ndikuthandizeni kuchotsa."

Sanadikire yankho. Anaikweza yekha, ina pogubuduza pathabwa, msana ukulira. Anakaisanja m'munsi mwa khoma la kuchipinda, mizere iwiri, kuyambira pakona mpaka pakona, zilembo za pamatumba zikuyang'ana kumsewu kuti mwiniwake aziziwerenga akamadutsa.